Tsiku la Phwando Lake, Sofiya Anasowa M'munda wa Tiyi

Khristu wauka. Inde, waukadi.

Abambo wansembe, akuluakulu a mpingo, amayi anzanga ndi abale nonse, ndikupatsani moni. Ndapempha kanthawi mapemphero atatha chifukwa ndili ndi umboni woti ndichitire Mulungu pamaso panu. Ndikudziwa kuti mumpingo wathu uno wa Orthodox sitinazolowere kuti munthu aime kutsogolo n'kumayala za m'nyumba mwake. Koma ine ndinakulira kumene amatero, ndipo Abambo andilola. Mwaimirira nthawi yaitali, khalani pansi mundimvere.

Ambiri a inu nkhope yanga simuidziwa bwino. Mumadziwa msana wanga. Ndine mayi uja amatuluka pakati pa mapemphero, mwana ali paphewa akukuwa. Ndine mayi a Sofiya. Amuna anga ndi awa akhala apawa, amene amatsogolera nyimbo ndi kuwerenga. Timakhala ku malaini a esiteti. Ine ndimathyola tiyi, iwo amagwira ntchito ku fakitale.

Ndiyambe ndi chimene ena simukuchidziwa. Sofiya si woyamba. Ndinabereka awiri iye asanabwere, wamwamuna ndi wamkazi, ndipo onse awiri sanafike chaka. Anagona kwathu ku Thuchila. Ndiye Sofiya atabadwa, n'kudutsa chaka, n'kuyamba kuyenda, munthu ukanati ine ndikhala mayi wosangalala kuposa onse m'Mulanje muno. Inenso ndinkaganiza choncho. Ndinkauza Mulungu kuti akadzandipatsa wokhalitsa, sindidzadandaulako ngakhale tsiku limodzi.

Abale, ndadandaula. Ndadandaula zaka ziwiri zathunthu.

Mwana ameneyu sakhala pansi. Mukamuika apa, mukatembenuka ali uko. Anathirapo mchenga mu ufa. Anaponyapo nsapato ya bambo ake m'chimbudzi. Ndimadzuka m'mawa, kumusiya kwa mnzanga wa khomo loyandikana nalo, kukawerama ndi dengu kumsana mpaka masana, kubwerako msana ukuwawa, n'kupeza milandu ikundidikira: Sofiya waswa kapu, Sofiya waluma mwana wa eni ake. Tsiku ndi tsiku kupepesa. Ndapepesa laini yonse, khomo ndi khomo.

Ndiye Lamlungu ndi tsiku limodzi lokha limene ndimafuna kuima pamaso pa Mulungu ndili chete. Mukudziwa nonse zimene zimachitika. Lubani akangoyamba kufuka, iye wayamba. Anazimapo makandulo amene inu munayatsa ndi mapemphero anu, akuuzira imodziimodzi uku akuseka. Pa Mgonero, Abambo akubwera ndi supuni, iye kutseka pakamwa ngati wamangidwa ndi waya, kenako n'kugwira ndevu za Abambo. Mukuseka, koma ine tsiku limenelo sindinaseke. Ndinamunyamula n'kutuluka naye.

Zaka ziwiri ndakhala ndikupemphera pansi pa mtengo wa mapeyala uli panjawo. Uthenga Wabwino ndimaumvera pawindo, mawu awiri atatu, ena onse kumezedwa ndi kulira. Ndikasuzumira, ndimaona amuna anga ali kutsogolo, malaya oyera amene ndachapa ine, akuimba maso ali m'mwamba, anthu n'kumati bambo amene uja ndi wa Mulungu. Ine wa ndani? Mwana tinabereka tonse, koma wotuluka naye ndi ine ndekha.

Ndipo ndinene, musakwiye. Ena mwa inu maso anu ankandibaya. Mayi wina, sinditchula dzina, anandifunsa ngati mwanayu anabatizidwa bwinobwino, ngati anamizidwa katatu konse kapena kamodzi kanaiwalika. Ndinaseka nawo. Ndinakalirira kunyumba.

Tsopano ndifike pa tsikulo. Mwezi wathawu Sofiya amakwanitsa zaka zitatu. Kwa ena zaka zitatu si kanthu. Kwa ine, amene sindinaonepo mwana wanga akufika pamenepo, linali tsiku lalikulu. Ndinati tichite kaphwando kakang'ono, tiitane ana a pa laini, tiyatse makandulo atatu. Koma tsikulo linagwera mkati mwa kusala kwathu kwakukulu, kutatsala masabata awiri kuti tifike pa Pasaka. Nyama ayi, mazira ayi, mkaka ayi. Ndinauza amuna anga kuti mwina tidikire Pasaka ipite, tichite bwinobwino. Anati tsiku lobadwa silisuntha, tichite zogwirizana ndi kusala. Ndinati chabwino. Ndinagula nthochi zakupsa, ndinakanya chigumu chopanda dzira, ndinaviika nandolo, ndinakonza kampunga.

Ndinaitananso mayi anga ku Thuchila. Mayi anga si a mpingo uno. Kwawo Pasaka inali itapita kale, anali atadya, ataiwala. Chaka chilichonse amandifunsa funso limodzimodzi, kuti kodi Yesu wanu amauka mochedwa bwanji. Ndafotokoza, ndafotokozanso, ndinasiya.

Linali Lamlungu. M'mawa wake kuno kutchalitchi Sofiya anachita zoposa masiku onse. Anandizembera, n'kuthamangira kuguwa, kumene ngakhale ine sindipondako. Ndinamugwira atafika pakhomo penipeni, mpingo wonse ukuona. Nditatuluka naye ndinamumenya. Sindikunena kambama kochenjeza ayi. Ndinamumenya ndi ukali wa zaka ziwiri, mpaka zala zanga zinatsala pantchafu pake. Ndipo ndili pansi pa mtengo paja ndinalankhula mumtima mawu amene ndikuchita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati, Ambuye, bola ndikanangokhala wopanda mwana. Ine amene ndinaika awiri m'manda, ndinatero. Ndikunena pamaso panu kuti mudziwe pamene ndinafika.

Titafika kunyumba tinapeza mayi afika kale, akhala pamkeka pakhonde, pambali pawo pali tambala wamkulu wofiira, miyendo yomanga ndi luzi. Anabwera naye pa kabaza. Nditangomuona tambalayo, ndinadziwa kuti lero kuli nkhani.

Mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, salankhulana mwachindunji. Ndiye mkangano wonse unadutsa mwa ine. Mayi ali pakhonde, amuna anga ali m'nyumba kuseri kwa chitseko, ine ndaima pakhomo pakati pawo. Mayi akuti uwauze amuna akowo apeze mpeni, dzuwa likupita. Amuna anga akuti muwauze mayi kuti m'nyumba muno simulowa nyama mpaka Pasaka. Mayi akuti uwafunse ngati mwana wa zaka zitatu ali ndi machimo oti asalire kudya. Amuna anga akuti muwauze kuti ine ndimaima kutsogolo kwa mpingo, fungo la nkhuku likatuluka pa laini pano anthu andiona bwanji. Onse awiri akumvana bwinobwino, nyumba zathu mukuzidziwa kuchepa kwake, koma aliyense akudikira kuti ine ndibwereze.

Ana oitanidwa aja anali atayamba kufika, atasamba, atadzola, angoima chapatali kumaonerera. Chigumu chili pamoto, makala pansi ndi pamwamba, ine ndachiiwala.

Mayi anga akakwiya amasiya Chichewa n'kulowa Chilomwe. Atalowa Chilomwe ananena zambiri. Anati mwana ndi wa kuchikazi, mwana ndi wathu, ngati kuno akumumana chakudya chifukwa cha mpingo wobwera dzulo, ndimutenga lero lomwe pamodzi ndi mayi ake. Amuna anga anakulira ku Muloza, makolo awo anachokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, nthawi ya nkhondo, Chilomwe amachimva chonse. Anatuluka m'nyumba, n'kuwerama, n'kudula luzi lija kumiyendo ya tambala, n'kumukankha ndi phazi. Tambala anathawa kulowera kuseri kwa nyumba.

Pamenepo ndi pamene ine ndinaphulika. Ndinawakalipira onse awiri. Ndinauza amuna anga kuti kusala kwawo ndi kosavuta chifukwa wophika nandolo ndi ine, wotuluka ndi mwana ndi ine, iwo ntchito yawo ndi kuoneka oyera. Ndinauza mayi kuti amabwera kamodzi pa miyezi itatu kudzalamula, sadziwa mmene ndimagonera ndi msana umenewu. Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kuponya zovala m'chikwama. Ndinatsimikiza. Ndinati ndikupita ku Thuchila, osati chifukwa mayi apambana, koma chifukwa ndatopa ndi mpingo uno, ndatopa ndi banja ili, ndatopa ndi zonse.

Nditatenga kadiresi kake kachikasu kamene ndinamusokera pa tsikuli, ndinatuluka kuti ndimuveke tizipita. Ndinaitana. Zii. Ndinafunsa mayi, anati anali ndi bambo ake. Ndinafunsa bambo ake, anati anali ndi agogo ake. Ana aja anati anamuona akuthamangitsa nkhuku, kalekale, mkangano uli mkati.

Abale, kuseri kwa laini yathu kulibe mpanda. Ukangodutsa zimbudzi, tiyi wayamba, ndipo amatsetsereka mpaka kumtsinje. Amene simunagwirepo m'munda wa tiyi, mvetsani. Tiyi wokhwima amafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo pamwamba amalukana, osaona pansi. Kunsi kwake kuli timipata toti galu amadutsa bwinobwino. Mwana wa zaka zitatu akalowa mmenemo, mutha kuima pafupi naye osamuona. Muli njoka mmenemo. Ndipo mvula inali itagwa masiku atatu otsatizana kuphiri, mtsinje unali wodzaza, tinkaumva kulira tili pakhomo.

Laini yonse inatuluka. Amuna, akazi, aliyense kulowa m'tiyi, aliyense kukuwa Sofiya, Sofiya. Ine ndikuthamanga uku ndi uku, miyendo ikukalika, m'mutu mwanga mukungobwera mawu aja ndinalankhula m'mawa. Ndinati Mulungu wandimva. Pa mapemphero onse amene ndapemphera pansi pa mtengo uja, wasankha kumva limeneli. Sindinathe ngakhale kupempha bwino. Ndinkangoti, sindimatanthauza, sindimatanthauza, Inu mukudziwa kuti sindimatanthauza.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Dzuwa linali litapendeka. Ndinafika pamwala waukulu umene uli pakati pa mundawo, pamene timapumira tikamathyola, ndipo maganizo anandibwerera. Ndathyola tiyi zaka zambiri. Pamwamba pa tiyi pamakhala posalala ngati tebulo, ndipo chinthu chikamayenda kunsi, masamba apamwamba amagwedera. Timadziwa kuti apo padutsa galu, apo padutsa gwape. Koma anthu makumi angapo ali m'munda, munda wonse unkagwedera, ndipo phokoso linali loti ngakhale mwana akanalira sitikanamumva.

Ndinakwera pamwalapo n'kukuwa kuti aliyense aime pomwe ali. Palibe anandimva, mawu anali atandithera. Amuna anga anali chapafupi. Ndinawauza kuti, mawu anu aja mumaimbira, agwiritseni ntchito lero, auzeni anthu aime, akhale chete. Anakuwa kamodzi, munda wonse unamva. Anthu anaima ngati mitengo. Kunangotsala kulira kwa mtsinje.

Ndinayang'ana. Ndinayang'ana mzere ndi mzere, misozi ndikupukuta ndi duku kuti ndione. Kumunsi kwenikweni, kumene kunalibe munthu aliyense, ndinaona masamba akugwedera pang'ono, n'kuima, n'kugwederanso chakutsogolo. Kumbuyo kwake, malo ena akugwedera kwambiri, kutsatira. Zonse ziwiri zikulowera kumtsinje.

Sindikanafika msanga ine. Ndinawalozera amuna anga ndi dzanja, iwo n'kuyamba kuthamanga, akudumpha tiyi, akugwa, akudzuka, akutembenuka kuona kumene ndikuloza. Anthu onse ali chete kuonerera. Atafika kumapeto kwa munda ndinawaona akudziponya pansi, osaonekanso. Kenako anadzuka, atamukweza Sofiya m'mwamba ndi mwendo umodzi ndi mkono umodzi, matope thupi lonse. Pamene anamugwirira ndi pamene tiyi amathera, kutsogolo kwake udzu woterera, kenako madzi. Ndinapitako mawa lake kukaona. Kuchokera pamenepo kufika pamadzi, mapazi anga anayi okha.

Mukuganiza kuti mwanayo amalira ndi mantha? Ayi. Anakwiya. Anakwiya kuti amulepheretsa kugwira nkhuku yake. Anawaluma bambo ake pamkono, chipsera chilipo, akuonetseni tikatuluka. Ine ndikumulandira, ndikumupsompsona, iye akundikankha kumaso akuti nkhuku, nkhuku. Ndinaona zala zanga zija pantchafu pake, zikuonekabe pansi pa matope. Ndinakhala pansi m'tiyi momwemo n'kulira mokweza ngati pamaliro, anthu n'kumadabwa kuti mwana wapezeka, mayi akuliranji.

Titabwerera pakhomo tinapeza mayi anga akhala padothi, osati pamkeka, miyendo atatambasula. Sanathe kulowa m'munda. Atamuona mdzukulu wawo sanadzuke. Anayang'ana amuna anga m'maso, koyamba chikwatiraneni ife, n'kulankhula nawo okha osadzera mwa ine. Anati, "Bambo, awiri aja ndinawasambitsa ndi manja angawa. Ndinalonjeza kuti amene adzafike zaka zitatu ndidzamuphera tambala woweta ndekha. Ameneyu ndamuweta chaka chathunthu. Sindinabwere kudzanyoza mpingo wanu."

Amuna anga anagwada pomwepo, malaya oyera aja ali ofiira ndi dothi. Anati, "Mayi, inenso ndinalonjeza. Tikuika wachiwiri uja ndinauza Mulungu kuti akatipatsa wina, sindidzaphwanya lamulo la mpingo ngakhale limodzi. Ndimaopa kuti ndikaphwanya, amutenga."

Ine ndaima pamenepo ndi mwana m'manja, zonsezi ndikuzimva koyamba. Zaka zonsezi ndakhala pakati pa anthu awiri amantha, aliyense ndi lonjezo lake, osandiuza. Ndinawamvera chisoni, inde. Koma ndinene zoona, ndinakwiyanso. Ndinati mukanalankhula m'mawa, bwenzi zonsezi kulibe.

Phwando tinachitabe. Chigumu chinali chitapserera kunsi, tinapala ndi mpeni n'kudya chapamwamba. Tinabaya makandulo atatu. Sofiya anazima, ana anawomba m'manja, iye n'kufuna tiyatsenso, tinayatsa kasanu konse. Kadiresi kachikasu sanavale, anakana. Chikwama chija ndinachimasula Lachiwiri. Ndinachisiya dala masiku awiri pamene amuna anga angachione.

Lamlungu lotsatira tinakhala pansi ndi Abambo wansembe kuseri kwa tchalitchi. Anamvetsera zonse. Anawafunsa amuna anga kuti anawauza ndani kuti mwana wa zaka zitatu amasala, ndipo anawauza ndani kuti mlendo wochokera kutali amabwezedwa ndi mphatso yake. Anati tambala akanaphikidwa, mwana ndi agogo ake n'kudya, eni nyumba n'kudya nandolo wawo, kusala kukanakhala komweko. Anawauzanso kuti Mulungu sanagulitse mwanayu kwa iwo, anangowapatsa, ndiye asiye kukhala ngati munthu amene akudikira kulandidwa. Ndipo anawalamula kuti Lamlungu lililonse lachiwiri nyimbo azitsogolera wina, iwo akaime panja ndi mwana wawo.

Kenako anatembenukira kwa ine. Ndinkayembekezera kudzudzulidwa za kumenya kuja, ndipo anandidzudzuladi. Koma anandifunsanso kuti zaka ziwiri zonsezi bwanji sindinauze munthu aliyense kuti ndalema. Ndinawayankha kuti ndinkaopa. Mayi amene anataya ana awiri angatsegule pakamwa bwanji n'kunena kuti wachitatuyu akunditopetsa? Anthu adzati sayamika. Abambo anati kutopa si kusayamika. Mawu amenewo palibe anandiuzapo.

Musaganize kuti zonse zatheratu. Sofiya ndi yemweuja. Dzana anathira sopo m'ndowa ya madzi akumwa. Amuna anga ulendo woyamba kutuluka naye anabwerera thukuta lili kamukamu Uthenga Wabwino usanawerengedwe, akundikodola kuti ndiwalandire. Ndinayang'ana kutsogolo ngati sindikuwaona. Mayi anga anabwera pa Pasaka yathu, anadya nafe, koma pobwerera anandifunsabe funso lawo lija. Ine ukali sunandichoke wonse, pena umabwera, ndimatuluka panja n'kukaima kaye mpaka manja atazizira. Koma mwana sindinamumenyenso choncho, ndipo pemphero lija sindidzalibwereza.

Ndili ndi pempho kwa inu amayi anzanga, makamaka amene ana anu anakula. Panja paja sindinkakhala ndekha. Alipo atsikana awiri atatu amene amaima pamenepo ndi makanda sabata ndi sabata, ena anasiya n'kubwera komwe. Mwana akayamba kulira, musatembenuke kutiyang'ana. Tambasulani manja. Mphindi khumi zokha, mayi ake amveko mawu a Mulungu ali chilili ngati munthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva mawu oipa a pakamwa panga koma sanandiyankhe monga mwa mawuwo. Ndikuthokoza Abambo wansembe. Ndikuthokoza anthu a pa laini yathu, ena ndi Asilamu, ena sapemphera n'komwe, koma onse analowa m'tiyi ndi zovala zawo zabwino. Ndikuthokozanso amuna anga, ngakhale sitinamalize kukambirana.

Ndatopa, abale, ndatopadi, ndipo mawa ndidzatopanso. Koma ndikutopa ndi mwana wamoyo, wa zaka zitatu, wa mano akuthwa. Musandisiye ndisangalale ndekha. Imirirani, amayi tulutsani nthungululu, timuyamike Mulungu pamodzi.